Inki Yothira Madzi

1. Pa chitunda

Fauziya Hassani anali mu Fomu 4 pamene anapeza ganyu ya tsiku limodzi ku Balaka. Pa bwalo lina kunja kwa tauni panali phwando lalikulu la nyimbo, ndipo eni phwandolo ankafuna atsikana odziwa masamu. Malipiro ake anali K20,000. Pa ndalama yake ya mayeso panali patapereweranso K18,000, ndipo tsiku lomaliza kulipira linali Lolemba.

Bambo ake, a Hassani, sanakondwe nayo ganyuyo, koma sanamuletse. Loweruka, atatha swala, pemphero la m'mamawa, anapopa matayala a njinga kuti amuperekeze kuchokera ku Utale. Pa kaliyala anayalapo thumba lopinda kawiri kuti chitsulo chisamupweteke.

"Ntchito yake ndi yotani kwenikweni?" anafunsa ali m'njira.

"M'bwalomo ndalama sizigwira ntchito, ababa," anatero Fauziya. "Munthu akalowa amagula makuponi pa zenera. Kuponi imodzi ndi K1,000. Akafuna chakudya amapereka kuponi. Madzulo ogulitsa amabweretsa makuponi aja pa zenera, ife n'kuwapatsa ndalama zawo."

"Nanga munthu akagula khumi n'kudya atatu okha?"

"Otsalawo sabweza. Akuti ndi lamulo."

Atafika pa chitunda anatsika onse awiri, ndipo akukankha njinga a Hassani anayamba kulankhula.

"Chaka chomwe unabadwa iwe kunabwera anthu ena ogula thonje. Anali ndi sikelo yatsopano ndi galimoto yoyera. Thonje anatiyezera, koma ndalama sanatipatse. Anatipatsa timapepala tobiriwira, nati tibwere Lachisanu. Ine kanga ndinakasunga m'buku la mapemphero. Anzanga anaika m'thumba la malaya n'kumalima nato, thukuta likutsika. Lachisanu litakwana, kalaliki wawo anati timapepala tothimbirira sitikuwerengeka. Kalaliki ameneyo sanali mlendo. Anali mwana wa m'mudzi mwathu momwe, ndipo timapepalato analemba yekha. Tinamufunsa kuti, kodi ili si dzanja lako? Iye anangoyang'ana sikelo.

"Anthu a galimoto aja anapita, nkhope zawo tinaziiwala. Mnyamata uja sitinamuiwale. Mpaka lero akabwera pa maliro timamupatsa moni, timamupatsa madzi osamba m'manja, koma palibe amamufunsa maganizo pa nkhani iliyonse.

"Sindikunena kuti anthu ako a nyimbowo ndi akuba. Sindiwadziwa. Ndikungoti pepala limasanduka ndalama pokhapokha munthu wa pa zenera atavomera. Akakana, limabwerera kukhala pepala. Lero munthu wa pa zenera ndiwe. Wina akakufunsa chinthu chomwe ukuchidziwa, umuyankhe. Mulungu amamva ngakhale nyimbo zitasokosa bwanji."

"Ndamva, ababa."

"Ndidzakudikira pa siteji ya minibasi dzuwa lisanalowe, Mulungu akalola."

2. Zenera

Zenera lomwe ankanenalo linali tebulo lalitali m'kati mwa tenti, kutsogolo kwake atatchingako ndi waya. Oyang'anira makuponi anali a Maziko, bambo wa mafoni awiri wochokera ku Blantyre. Mnzake wa Fauziya pa tebulopo anali Chrissie, mtsikana wa m'tauni momwemo, amene anali atagwirapo kale ntchito yotere.

A Maziko anafotokoza malamulo mwachangu. Kuponi iliyonse idindidwe kumbuyo isanagulitsidwe. Kuponi yopanda chidindo ndi yabodza. Zenera la ogulitsa litsekedwa faifi koloko, ndipo wobwera mochedwa alibe chake. Malamulowa analembedwanso pa chikwangwani, m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono. Chikwangwanicho anachipachika kuseri kwa tenti.

"Kumeneko aziwerenga ndani?" Fauziya anafunsa mnzake monong'ona.

"Mbuzi," anatero Chrissie. "Dinda, mwana wa ku Utale. Mafunso ukafunse m'kalasi."

Unali mwezi wa Okutobala. Pofika teni koloko tenti inali itatentha ngati uvuni wa njerwa. Mzere wa anthu unafika mpaka ku geti, ndipo zokuzira mawu zinkagwedeza tebulo. Siponji ya m'kabokosi ka inki inauma. Fauziya anatenga botolo la inki napeza kuti mulibe kanthu.

"Bwana, inki yatha."

A Maziko anali pa foni. Analoza botolo la madzi akumwa lomwe Fauziya anabwera nalo. "Thiramo amenewo."

Fauziya anathira madzi pa siponji, nadinda kuponi imodzi. Chidindo chinatuluka chotuwa.

"Bwana, chatuwa."

"Chikuoneka kapena sichikuoneka?"

"Chikuoneka."

"Ndiye ukudikira chiyani? Anthu akufuna kudya."

Anadinda. Siponji ikauma ankathiranso madzi. Pofika masana anali atathira kanayi.

3. Nsomba ziwiri

Atsikana a pa zenera sanawakonzere chakudya. A Maziko anapita kukadya m'galimoto mwawo. Chrissie anatafuna chingamu n'kunena kuti wakhuta.

Pafupi ndi tenti panali mayi wina wokazinga nsomba. Anali atayang'ana atsikanawo kangapo. Mzere utachepa anabwera ndi nsomba ziwiri zokulunga m'pepala, nazilowetsa pansi pa waya.

"Idyani, ana inu. Kuyambira m'mawa sindinaone chilichonse chikulowa m'kamwa mwanu."

"Tilibe makuponi, amayi," anatero Fauziya.

"Ndani wakufunsa kuponi? Yaikuluyo ndi yako, wawonda kwambiri."

Chrissie anaseka. "Amayi, ine ndiye mukuti ndanenepa?"

"Iwe uli ndi pakamwa. Munthu wa pakamwa safa ndi njala."

Dzina lawo linali mayi Dalesi. Anachokera ku Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo ananyamuka dzulo lake kudzera ku Ntaja ndi ku Liwonde. Anati amuna awo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Atamva za phwandoli anagulitsa mbuzi yawo yomaliza, nagula nsomba madengu awiri, mafuta okazingira, ndi malo ogulitsira m'bwalomo. Ankafuna kukagula malata anayi mvula isanagwe. Fauziya naye anawauza za ndalama ya mayeso.

"Mulungu ndi wabwino," anatero mayi Dalesi. "Dengu limodzi latha kale. Taona."

Anakweza nsonga ya chitenje chawo. Inali itamangidwa mfundo yaikulu ngati chibakera, ndipo inali yakuda ndi mafuta. Makuponi onse anali mmenemo.

"Ndalama ndimamanga apa kuyambira ndili mtsikana," anatero. "Sindinatayepo ngakhale tambala."

Anabwerera ku chiwaya chawo. Fauziya anadya nsomba ija, napukuta zala pa pepala. Potenga kuponi yotsatira, chala chake chinakhudza chidindo. Chidindocho chinachoka. Panangotsala banga la mafuta.

Anayesa pa kuponi ina. Chinachokanso.

"Chrissie, taona."

Chrissie anayang'ana, nasiya kutafuna. "Ine sindinaone kanthu. Iwenso sunaone."

A Maziko atabwerako, Fauziya anawaonetsa makuponi awiri aja. Iwo anawatenga, nawapinda, nawaika m'thumba la malaya.

"Kusamala makuponi ndi udindo wa wogulitsa," anatero. "Zalembedwa pa chikwangwani. Ine ndinakulemba ntchito yodinda, osati youlutsa mawu. Nkhani iyi ikatuluka m'tenti muno, malipiro ako atsala momwemuno. Tamvana?"

Fauziya anayang'ana ku chiwaya cha mayi Dalesi. Panali mtunda wa mapazi makumi awiri okha. Kenako anthu ena anafika pa waya ndi ndalama m'manja, ndipo anakhala pansi n'kuyambanso kudinda.

4. Faifi koloko

Nthawi ya swala ya alasiri, ya chakumadzulo, inakwana ndi kupita. Fauziya sanachoke pa tebulo.

Itakwana folo koloko, anthu anayamba kubwera ndi makuponi otsala. Zakumwa zozizira zinali zitatha, mpunga unali utatha, ndipo ambiri analibe chogula. Chrissie ankawayankha mawu amodzimodzi: "Sitibweza. Kawerengeni kuseriko."

"Ndiye ndipite nawo kunyumba ndikaphike?" anafunsa bambo wina wa kabaza, atanyamula makuponi asanu ndi limodzi. "Ndithire mchere kapena shuga?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa kanthawi. Bamboyo anaima pang'ono, kenako anapatsa makuponiwo ana awiri omwe anali pambali, nati akayese ngati kwatsala mandasi.

Ogulitsa zakumwa za m'mabotolo analandira ndalama zawo popanda vuto. Makuponi awo anali ouma, osungidwa m'zitini. Ovutika anali okazinga. Mayi wa chipisi anamukanira makuponi khumi. Mnyamata wa kanyenya anamukanira asanu ndi awiri. Onse anang'ung'udza n'kuchoka.

Mayi Dalesi anafika kutatsala mphindi khumi kuti zenera litsekedwe. Anachedwa chifukwa ankatsuka chiwaya chomwe anabwereka kwa mnzawo wa pambali. Anamasula mfundo ija ndi mano, nakhuthula makuponi pa tebulo. Anali ofewa, omatirirana, onunkhira nsomba.

A Maziko anawerenga okha. Ankatembenuza kuponi iliyonse n'kuiponya kumanja kapena kumanzere. Mulu wa kumanzere unakula msanga.

"Abwino ndi 41," anatero. "Awa 97 alibe chidindo."

"Ndiye kuti chiyani, bambo?"

"Ndiye kuti si athu."

Mayi Dalesi anamwetulira, poganiza kuti ndi nthabwala. "Iyayi, bambo. Onsewa andipatsa ndi anthu omwe adya nsomba zanga. Ine makuponi ndikanawatenga kuti? Kulemba dzina langa lomwe sinditha."

"Anthu amasindikiza m'tauni muno. Akupusitsani, amayi. Pepani."

"Munthu mmodzi akhoza kundipusitsa. Koma anthu onse aja? Afunseni ana awa. Ndi omwe amagulitsa." Anatembenukira kwa Fauziya. "Mwanangu, tayang'ana. Awa si makuponi a pa tebulo pano?"

Anthu omwe anali kumbuyo anakhala chete kuti amve. Chrissie anawerama n'kumamanga lamba wa nsapato. A Maziko anatola kuponi imodzi pa mulu wa kumanzere, naiika patsogolo pa Fauziya.

"Yankha, mtsikana. Chidindo ukuchiona apa?"

"Iyayi."

"Ndiye ungalumbire kuti ndi yathu?"

Pa ngodya ya kuponiyo panali kakuda kotuwa, kotsalira ka inki yothira madzi. Kabokosi ka inki kanali pafupi ndi chigongono chake. Botolo la madzi linali pansi pa tebulo, litatsala theka.

"Sindikudziwa," anatero Fauziya.

Mayi Dalesi anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Analandira K41,000, nasonkhanitsa makuponi okanidwa aja mmodzimmodzi, nawamanganso pa nsonga ya chitenje monga anachitira m'mawa. A Maziko anayang'ana wotchi, nagwetsa chinsalu cha tenti.

5. Envulopu

Atsikanawo analandira maenvulopu awo. Mwa Fauziya munali K22,000.

"Mwapyoza, bwana," anatero.

"Ziwirizo ndi za khalidwe labwino. Chaka chamawa ndidzakufunanso." A Maziko anamukankhira kabokosi ka inki. "Aka ukataye m'dzenje la zinyalala potuluka."

Panja woimba womaliza anali atayamba, ndipo fumbi linali tolotolo. Chrissie anamugwira dzanja.

"Usadzidye mtima. Ine chaka chatha ndinalira usiku wonse. Umazolowera." Anatulutsa chingamu chake chomaliza namupatsa. "Ukalembe bwino mayeso."

Fauziya anadutsa pa dzenje la zinyalala. Anaima pamenepo pang'ono, kabokosi kali m'manja. Kenako anakaika m'chikwama chake napitirira.

6. Pa siteji

Anawapeza mayi Dalesi atakhala pa dengu lovundikira, pambali pa msewu wa ku Liwonde. Minibasi ziwiri zinali zitadzaza n'kunyamuka, iwo osakwera. Nsonga ya chitenje inali pa miyendo pawo.

Fauziya anagwada patsogolo pawo. Anatulutsa envulopu ija naigwira ndi manja awiri.

"Amayi, landirani."

"N'chiyani?"

"Malipiro anga."

Mayi Dalesi sanatambasule dzanja. "Si ndalama ya mayeso imeneyo? Unandiuza wekha masana."

"Ndi yomweyo."

"Bweza m'chikwama. Anthu akuona, angakubere." Anadikira mpaka atabweza. "Khala apa. Fumbi likudetsa diresi."

Anasendera kuti amupatse malo pa dengu. Fauziya anakhala m'mphepete.

"Ndikuuze, mwanangu," anatero mayi Dalesi. "Ine kuluza ndinakuzolowera. Nsomba zinandiolerapo pa msewu galimoto itafa. Bwato la amuna anga linamira ndi maukonde omwe. Zimenezo ndi za Mulungu, ndipo munthu sukangana naye. Umalira, n'kudzuka. Mbuzi yapita, malata sindigula, mvula idzandipeza momwe inandipezera chaka chatha. Sindidzafa nazo.

"Koma lero andinena kuti ndabweretsa zabodza. Pamaso pa anthu. Mawa ku Ntaja kudzamveka kuti Dalesi wa nsomba anagwidwa ndi makuponi osindikiza. Asodzi a ku Chiuta amandipatsa nsomba zabwino chifukwa amadziwa kuti sindinama. Ine ndilibe sitolo, ndilibe sukulu. Ndili ndi dzina lokhali. Ndiye ukabwera ndi envulopu, ukufuna kugula chiyani? Ndalama zako sizingapite ku Ntaja kukauza anthu kuti sindine wakuba.

"Bambo uja sindimudziwa, ndipo sindinayembekeze kanthu kwa iye. Ndinafunsa iwe. Sindinakufunse chifukwa cha nsomba ija, iyayi, nsomba ndinakupatsa chifukwa unali ndi njala. Ndinakufunsa chifukwa ndinaona nkhope yako ndipo ndinati, uyu kwawo amapemphera. Ukanati si athu, ndikanati mwina mwana walakwitsa. Koma unati sukudziwa. Maso ako ankadziwa."

Fauziya anatsegula chikwama natulutsa kabokosi ka inki. Anadinda chala chake pa siponji, nachidinda pa envulopu. Kenako anagwira nsonga ya chitenje ija, ya mafuta, napukuta nayo pamalopo kamodzi.

Envulopu inatsala yoyera.

"Inki inatha teni koloko," anatero. "Anandiuza kuti ndithire madzi. Ndinathira ndine. Masana ndinaona kuti chidindo chikuchoka, ndipo sindinabwere kudzakuuzani."

Mayi Dalesi anayang'ana envulopu, nayang'ana mtsikanayo.

"Mawu amenewa ndi abwino," anatero pang'onopang'ono. "Koma wawanena kwa munthu wolakwika. Ine ndimadziwa kale kuti sindinabe."

Kondakitala anafuula kuti ya ku Liwonde yatsala malo awiri. Mayi Dalesi sanadzuke.

Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mtangatanga, panali bambo atatsamira njinga. Pa kaliyala panali thumba lopinda kawiri. A Hassani anali atafika kale, ndipo anali ataona mwana wawo atagwada. Sanamuitane.

Fauziya anaimirira. "Amayi, ndibwerekeni makuponiwo."

"Ukawatani? Zenera anatseka."

"Anthu akadali m'bwalo. Mayi wa chipisi sanapite, ndi wa kanyenya yemwe."

"Akakulanda envulopuyo. Lolemba ukalipira chiyani?"

"Sindikudziwa," anatero Fauziya. Mawuwo atatuluka anagwetsa nkhope, chifukwa anali omwe aja a pa zenera. Koma ulendo uno anali oona.

Mayi Dalesi anapuma mozama. Anamasula mfundo ndi mano, koma makuponi sanamupatse. Anasenza madengu awo pamutu. "Ndi anga. Ndinyamula ndekha. Tsogola."

Anawoloka msewu. Podutsa pa mtengo paja Fauziya anaima, natsegula pakamwa kuti afotokoze.

"Ndidzamva kunyumba," anatero a Hassani. Anatsitsa madengu pamutu pa mayi Dalesi, ngakhale sankawadziwa, nawamangirira pa kaliyala. Kenako anatsatira m'mbuyo akukankha njinga.

Dzuwa linali litafiira pamene anafika pa geti. Tenti ya makuponi inali itagwetsedwa kale. Anyamata awiri ankakweza bokosi la ndalama m'galimoto, ndipo a Maziko anali atakhala kutsogolo, foni ili kukhutu, injini ikulira.

Mlonda anatambasula ndodo yake. "Antchito anaweruka. Ukufuna ndani?"

Fauziya anatulutsa kabokosi ka inki nakakweza m'mwamba, kuti aliyense amene anali pa getipo akaone.

"Ndine ndimadinda makuponi," anatero. "Pali funso lomwe anandifunsa faifi koloko. Ndabwera kudzayankha."

A Maziko anatsitsa foni. Kenako anatsitsa galasi la galimoto.